Chithunzi cha munthu wotchuka m'pulojekiti ya kusukulu: mupemphe kwa ndani, ndipo mupemphe bwanji

Wophunzira wanga wina anandibweretsera pulojekiti yofotokoza moyo wa katswiri wina wa mpira. Patsamba loyamba panali chithunzi chogwira mtima, katswiriyo ali m'malere, mpira uli pamphumi. Koma chinali chodulidwa modabwitsa, phazi lamanzere kunalibe. Nditamufunsa anayamba wakanda kaye m'mutu, kenako n'kuulula kuti pakona yam'munsi panali dzina la kampani yogulitsa zithunzi, ndiye analidula kuti lisaipitse tsamba. Pansi pa chithunzicho analembapo kuti "Gwero: Google".

Mwanayo sanali wakuba. Anangochita zimene aliyense amachita. Koma Google sijambula zithunzi, imangokusonyezani kumene zili, ndipo dzina limene analidulalo ndi limene likanamuuza khomo loti akagogode.

Nkhani yonseyi yagona pa mfundo imodzi imene ambiri amaiphonya: chithunzi ndi cha amene anachijambula, osati cha amene nkhope yake ikuonekamo. Pansi pa Pangano la Berne la 1886, limene mayiko oposa 180 analowamo, umwini umayamba nthawi yomweyo chithunzi chikangojambulidwa. Wojambula safunika kulemba chizindikiro cha © kuti chikhale chake. Ngati anachijambula pa ntchito ya kampani, kapena anapereka chithunzicho kwa makampani monga Getty Images, Reuters, AFP kapena Associated Press, ndiye kuti chilolezo chili m'manja mwa kampaniyo. Ngakhale anthu otchukawo zimawasokoneza. Mu 2019 kampani ina ya zithunzi inasumira Gigi Hadid, mtsikana wotchuka pa zoonetsa mafashoni, ku New York chifukwa choika pa Instagram chithunzi cha iye mwini chimene wina anamujambula mumsewu. Mlanduwo unathetsedwa, koma chifukwa chake chinali choti kampaniyo inali isanamalize kulembetsa chithunzicho, monga malamulo a ku America amafunira munthu asanasume. Khoti silinanene kuti nkhope ikakhala yako, chithunzinso ndi chako. Choncho kulembera woimba kapena wosewera mpira pa Instagram kuti akuloleni sikungakuthandizeni nthawi zambiri, ngakhale atayankha kuti "tengani".

Yambani ndi funso ili: pulojekitiyi ithera kuti?

Musanafufuze chilichonse, khalani pansi ndi aphunzitsi mudziwe kumene ntchito yanu ikafike. Yankho lake ndi limene lingakuuzeni ngati mukufunikira chilolezo kapena ayi.

Ngati ndi ntchito yongopereka kwa aphunzitsi kuti achonge, kapena yoonetsa anzanu m'kalasi n'kuthera pomwepo, malamulo a mayiko ambiri amakupatsani mpata. Pangano la Berne lomwe lija, m'ndime 10, limalola mayiko kuika malamulo olola kugwiritsa ntchito zinthu za ena pophunzitsa, bola zisapyole muyezo ndipo gwero ndi dzina la mwini zitchulidwe. Dziko lililonse linalemba zimenezi m'njira yakeyake. Ku United Kingdom amati fair dealing, ndipo kuyambira mu 2014 lamulo lawo limalola kugwiritsa ntchito chithunzi ngati chitsanzo pophunzitsa, posachita nacho malonda. Ku America amati fair use, mfundo imene ili m'ndime 107 ya lamulo la 1976, ndipo woweruza amayang'ana zinthu zinayi: cholinga chanu, mtundu wa chinthu chimene mwatenga, kuchuluka kwa gawo limene mwatenga, ndiponso ngati mukulanda mwiniwake msika. Onani kuti chithunzi munthu amachitenga chonse, osati kachidutswa ngati ndime ya m'buku, ndiye mfundo yachitatuyo siikhala kumbali yanu. Chimene chimakuimirirani ndi choti chithunzicho chikuthandiza kufotokoza mfundo, ndipo akuchiona ndi anthu ochepa. Chithunzi chongokongoletsera chikuto n'chovuta kuchiikira kumbuyo kusiyana ndi chithunzi chimene mukuchikamba m'nkhani yanu.

Zinthu zimasintha pulojekiti ikatuluka pakhomo la kalasi. Magazini ya sukulu yogulitsa, mpikisano umene ntchito zopambana zimasindikizidwa, webusayiti ya sukulu, tsamba la Facebook, vidiyo ya pa YouTube: zonsezi ndi kufalitsa kwa anthu onse.

Pali mlandu umene ndimakonda kuuza aphunzitsi anzanga chifukwa ukufanana kwambiri ndi zimene timachita tsiku ndi tsiku. Wophunzira wina wa m'chigawo cha North Rhine-Westphalia ku Germany anatenga chithunzi cha mzinda wa Córdoba wa ku Spain pa webusayiti ya zokopa alendo, n'kuchiika m'ntchito yake ya m'kalasi. Analembanso pansi pake dzina la webusayiti imene anachitenga. Sukulu inaika ntchitoyo pa webusayiti yake. Wojambula chithunzicho, Dirk Renckhoff, anasuma, ndipo nkhani inakwera mpaka ku Khoti la Chilungamo la European Union. Pa 7 Ogasiti 2018 khotilo linagamula kuti kutenga chithunzi pa webusayiti ina n'kuchiika pa ina kumafuna chilolezo chatsopano, ngakhale chinali poyera pomwe aliyense akanatha kuchiona ndi kuchikopera. Taonani: mwana anatchula gwero, sukulu siinagulitse kanthu, cholinga chinali maphunziro, koma zonsezo sizinakwanire. Chimene chinabala mlandu ndi kuchikweza pa intaneti.

Ndiye ngati ntchito yanu ikathera pa desiki ya aphunzitsi, lumphani mpaka pa gawo lotchula mwini. Ngati ikupita kunja, kapena simukudziwa kuti ikathera kuti, werengani zonse.

Fufuzani kumene chithunzicho chinachokera

Chithunzi chimene mwachipeza pa Pinterest, pa gulu la WhatsApp kapena pa tsamba la otsatira woimba wina chimakhala chitadutsa m'manja ambiri. Amene anachiika pamenepo si mwini wake ndipo sangakupatseni chimene alibe.

Yang'anitsitsani chithunzicho kaye. M'makona kapena chopingasa pakati mumakhala dzina losaoneka bwino. Pa mawebusayiti a nyuzipepala, dzina la wojambula limakhala m'tizilembo ting'onoting'ono pansi kapena pambali, nthawi zambiri dzina la munthu kenako la kampani. Ngati palibe, chikwezeni pa Google Lens kapena pa TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira malo ena kumene chithunzi chikupezeka. TinEye ili ndi ubwino umodzi: mungasanje zotsatira kuyambira chakale kwambiri, kapena chachikulu kwambiri, ndipo chithunzi chakale ndi chachikulu kawirikawiri chimakhala pafupi ndi gwero lenileni. Pa kompyuta mungathenso kutsegula tsatanetsatane wa fayiloyo, poti ojambula ambiri amalembamo dzina lawo ndi mawu a umwini, ngakhale masamba a mchezo amakonda kufufuta zimenezi munthu akamakweza chithunzi.

Mukafufuza kwa theka la ola osapeza mwini, chisiyeni chithunzicho. Kusapeza mwini sikusandutsa chithunzi kukhala cha aliyense.

Musanalembe kalata, onani ngati palibe china chololedwa kale

Apa ndi pamene ndimauza ophunzira kuti athere nthawi yambiri, chifukwa anthu ambiri otchuka ali ndi chithunzi chimene mwini wake anapereka kale chilolezo kwa aliyense. Mwina sichikhala chokongola ngati cha pachikuto cha magazini, koma chimagwira ntchito.

Poyambira pabwino ndi Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi imene inayamba mu 2004 ndipo imadyetsa Wikipedia. Nkhokweyi imalandira zinthu zokhazo zimene aliyense angazigwiritse ntchito ndi kuzisintha. Tsegulani nkhani ya munthu wanuyo pa Wikipedia, dinani chithunzi, ndipo pitani pa tsamba la chithunzicho. Pamenepo mupeza dzina la wojambula, tsiku, ndi layisensi. Mukamachita izi kangapo mudzayamba kuona dzina la Gage Skidmore likubwerezabwereza pa zithunzi za andale ndi azisudzo a ku America. Ndi wojambula amene kwa zaka zambiri wakhala akuika zithunzi zake pa layisensi yaulere. Chenjezo limodzi: si chilichonse cha pa Wikipedia chili chaulere. Zikuto za maalubamu ndi zikwangwani za mafilimu zimaikidwa pa Wikipedia ya Chingerezi pansi pa mfundo ya fair use ija, ndipo tsamba lake limanena poyera kuti si zaulere. Chilolezo chimenecho sichikutsatirani inu.

Malo ena ndi Flickr, kumene mungasefe zotsatira potengera layisensi, ndi Openverse, imene imafufuza m'nkhokwe zambiri nthawi imodzi. Pa Google Images, dinani Tools, kenako Usage rights, n'kusankha Creative Commons licenses. Koma Google imangokhulupirira zimene webusayiti yanena, ndiye tsegulani tsambalo mudzionere nokha. Zithunzi zojambulidwa ndi antchito a boma la America pa ntchito yawo, monga zambiri za White House ndi NASA, zilibe umwini wa mtundu umenewu, ndipo anthu otchuka ambiri anajambulidwapo pa zochitika za boma zoterezi. Lamulo limeneli ndi la boma la America. Musaganize kuti maboma onse amatero.

Malayisensi a Creative Commons (CC), zilolezo zimene mwini amaperekeratu kwa aliyense, amene anayamba kutuluka mu 2002, amalembedwa ndi zilembo zochepa zimene muyenera kuzidziwa. BY ikutanthauza kuti mutchule mwini. SA ikutanthauza kuti mukasintha chithunzicho, chimene mwapangacho muchipereke pa layisensi yomweyo. NC ikuletsa malonda, choncho ndi yabwino pa ntchito ya m'kalasi koma yokayikitsa pa magazini yogulitsa. ND ikuletsa kufalitsa chithunzi chosinthidwa, ndiye osachipaka mitundu ina kapena kuchiphatikiza ndi zina. CC0 ikutanthauza kuti mwini anasiya ufulu wake wonse, komabe kumutchula ndi ulemu ndipo aphunzitsi adzafuna kuona gwero.

Khalani ndi diso lokayikira. Mukapeza chithunzi chakuthwa kwambiri cha woimba pa mwambo wa mphoto, chili pa akaunti ya munthu amene zithunzi zake zina zonse ndi za mphaka wake, ndipo walemba kuti CC BY, dziwani kuti anangochitola kwina. Layisensi yoperekedwa ndi munthu amene si mwini ilibe mphamvu.

Ngati pulojekiti yanu ndi webusayiti yosachita malonda ndipo mtima wanu wakakamira pa chithunzi cha Getty Images, pali njira ina. Kuyambira mu 2014 kampaniyi imalola kuti zithunzi zake zambiri zioneke pa mawebusayiti otere kwaulere kudzera pa batani la embed, limene limakupatsani kachidutswa ka khodi koti muike patsamba lanu. Chithunzicho chimaoneka ndi dzina la wojambula, chikadali pa makina a Getty. Koma simungachitsitse n'kuchisindikiza papepala.

Kulemba kalata yopempha

Ngati chithunzi chake ndi chomwecho basi, pemphani. Safunsa anadya phula, ndipo ojambula ambiri odziimira paokha amasangalala kumva kuti mwana wasukulu wasankha ntchito yawo. Makampani akuluakulu ndi ouma pang'ono: angakutumizeni pa tsamba la mitengo, kapena osayankha n'komwe. Ndiye mukakhala ndi mwayi wosankha, lemberani wojambulayo mwachindunji kudzera pa webusayiti yake. Ngati anagulitsa ufulu wake kwa kampani, akuuzani.

Ngati simunakwane zaka 18, kalatayi atumize ndi aphunzitsi kapena makolo, pa imelo ya sukulu ngati ilipo. Imaoneka yodalirika, komanso si bwino kuti mwana azipereka dzina ndi sukulu yake kwa munthu wosamudziwa. Kalatayo ikhale yaifupi koma inene zonse, chifukwa chilolezo chimakwirira zokhazo zimene munapempha. Ingamveke motere, m'chinenero chimene wojambulayo angamve:

"Okondedwa bambo kapena mayi uje, ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale. Wophunzira wanga akulemba pulojekiti yokhudza moyo wa uje, ndipo tikupempha chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi chanu chimene chili pa linki iyi. Chidzaoneka kamodzi, pa tsamba lachitatu la lipoti losindikiza makope asanu, komanso pa webusayiti ya sukulu kuyambira mwezi wa mawa mpaka kutha kwa chaka chino. Sitidzagulitsa kanthu ndipo sitidzachisintha, kupatula kuchichepetsa kukula. Chonde tiuzeni ngati ndinu mwini ufulu wa chithunzichi, ngati pali malipiro, ndiponso mmene mukufunira kuti dzina lanu lilembedwe."

Funso loti "kodi ndinu mwini ufulu" musalisiye. Limakutetezani ngati munthuyo angoyankha mwachisawawa pa chinthu chimene anagulitsa kale.

Tumizani kudakali milungu iwiri kapena itatu tsiku lopereka ntchito lisanafike. Pakatha sabata osamva kanthu, kumbutsani kamodzi. Akakhalabe chete, yankho lake ndi ayi. Ena amalemba kuti "mukapanda kuyankha pofika Lachisanu tidzaona ngati mwavomera", koma mawu amenewo alibe mphamvu iliyonse ndipo amangopsetsa mtima wojambula. N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi chithunzi china cha pa Commons chodikirira pambali.

Akavomera, sungani yankholo. Ngati anavomera pa foni kapena pa uthenga wa Instagram, apempheni abwereze pa imelo, kapena jambulani sikirinishoti yoonetsa dzina ndi tsiku. Chimodzimodzinso ndi zithunzi za Creative Commons: sungani sikirinishoti ya tsamba loonetsa layisensi pa tsiku limene munachitenga. Mwini sangabweze layisensi imene anapereka kale, koma angathe kuchotsa chithunzicho kapena kusintha zolemba patsamba, ndipo umboni wanu udzakhala sikirinishotiyo. Ikani zonse m'foda imodzi, kope lina mupatse aphunzitsi, poti wophunzira amamaliza sukulu n'kupita koma webusayiti imatsala.

Kutchula mwini

Kutchula mwini si chilolezo, monga taonera pa nkhani ya Córdoba, koma kumafunika nthawi zonse, ngakhale pa ntchito ya m'kalasi. Lembani pansi pa chithunzi penipenipo, osati kumapeto kwa lipoti kokha. Pakhale zinthu zinayi: mutu wa chithunzi ngati ulipo, dzina la wojambula, kumene mwachitenga, ndi layisensi kapena mawu a chilolezo. Mwachitsanzo: "Chithunzi: Gage Skidmore, kuchokera pa Wikimedia Commons, CC BY-SA 2.0, chadulidwa m'mbali." Nambala ya layisensiyo muikopere monga ilili patsamba. Ngati ntchito ili pa intaneti, ikani linki ya chithunzi ndi ya layisensi. Ngati munachita kupempha, lembani mmene wojambula anafunira, n'kuwonjezera kuti "mwa chilolezo".

Mawu aja amene anthu amakonda kulemba, akuti "zithunzi si zanga" kapena "sindikufuna kuphwanya ufulu wa wina aliyense", musadzivute nawo. Amangosonyeza kuti mumadziwa kuti chinthucho ndi cha wina. Ndipo kudula kapena kufufuta dzina la wojambula, ngati mwana wanga wa phazi limodzi uja, kumawonjezera vuto. Ku America kuchita dala zimenezi pofuna kubisa ndi mlandu wapawokha.

Nanga nkhopeyo?

Munthu wotchukayo alibe umwini wa chithunzi, koma m'mayiko ambiri ali ndi ufulu pa mmene nkhope ndi dzina lake zikugwiritsidwira ntchito, makamaka pa malonda. Lipoti lofotokoza moyo wake silikhudza ufulu umenewu. Koma kusindikiza nkhope yake pa malaya ogulitsa pofuna kupeza ndalama za kalabu, kapena kuiika pa chikwangwani ngati kuti akuchemerera chochitika cha sukulu yanu, ndi nkhani ina, ndipo layisensi ya Creative Commons siikuthandizani pamenepo chifukwa wojambula amapereka gawo lake lokha. Musaike m'kamwa mwake mawu amene sananene. Zithunzi zomujambula mobisa ali kunyumba, kapena za ana ake, zisiyeni ngakhale zitakhala zololedwa. Palibe pulojekiti imene ingazifune.

Ophunzira a zaluso amafunsa ngati kujambula pamanja motsanzira chithunzi kumathetsa vuto. Pophunzira m'kalasi palibe amene angakutsateni. Koma chojambulacho chimatengabe ku ntchito ya wina. Katswiri wa zojambula wa ku America Andy Warhol anapanga zojambula zake za woimba Prince kuchokera pa chithunzi chimene Lynn Goldsmith anajambula mu 1981, ndipo mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu la America linagamula, oweruza 7 kwa 2, mokomera Goldsmith pa nkhani yogulitsa kwa magazini chilolezo chosindikiza chimodzi mwa zojambulazo. Choncho chojambula chanu chikati chipite ku chionetsero kapena kukagulitsidwa, bwererani ku kalata ija.

Kalata yodandaula ikabwera

Ojambula ndi makampani ali ndi mapulogalamu amene amasakasaka zithunzi zawo pa intaneti usana ndi usiku, ndipo kalata ingabwere patapita zaka ntchito itaikidwa. Musainyalanyaze, komanso musathamangire kulipira kapena kudina linki ili m'menemo, poti akathyali nawonso amatumiza makalata ofanana ndi amenewa. Chotsani kaye chithunzicho, perekani kalatayo kwa akuluakulu a sukulu, ndipo tulutsani foda ya umboni ija. Ngati vuto ndi loti munalakwitsa kutchula mwini pa chithunzi cha layisensi ya Creative Commons 4.0, imene inatuluka mu 2013, muli ndi masiku 30 kuchokera pamene mwadziwa kuti mukonze ndipo ufulu wanu wogwiritsa ntchito chithunzicho ubwerera. Malayisensi akale monga 2.0, amene ndi ofala pa Flickr, alibe mpata umenewu, ndiye pa iwowo lembani bwino kuyambira tsiku loyamba.

Kwa aphunzitsi amene mumayang'anira webusayiti kapena tsamba la Facebook la sukulu: tsiku lina masana mutsegule mapulojekiti a zaka zam'mbuyo amene adakali pamenepo. Paliponse pamene pali chithunzi chopanda dzina la wojambula, kapena cholembedwa kuti "Gwero: Google", tsitsani fayiloyo, chotsanimo chithunzicho, n'kuikwezanso ndi mawu okhaokha kapena ndi linki yolozera kumene chithunzicho chili.